Ulendo Wokameta Mayi Aang'ono

Ndinanyamuka pa Chonde m'mawa wa Lachinayi, nkhungu isanachoke paphiri. Mwana wa Falesi, mchemwali wanga, anali atamwalira kumudzi kwathu, kuseri kwa Limbuli, ndipo anamuika ine ndikudwazika bambo a kunyumba kuchipatala. Uthenga wachiwiri ndiwo unandinyamula: abale ankaloza chala mayi anga aang'ono, a Eneresi, kuti ndiwo analodza mwanayo, poti anadya chinanazi kwawo asanayambe kutentha thupi. Lachinayilo linali tsiku lometa. Kwathu maliro akatha achibale timametana, ndipo wosiyidwa ndi tsitsi lake ndiye kuti mbumba yamutaya. Amalume anali atalamula kuti wina asakhudze mutu wa mfiti, ndipo kukacha gogoyo asamuke pamudzi.

Minibasi ya ku Limbuli inali K5,000. Kondakitala anatipanikiza anayianayi, kenaka anasuzumira chikwama changa.

"Baibulo lokhalo silipira, mayi. Mutipempherereko matayala, atha ngati mutu wa adiraiva."

Anthu anaseka, nanenso ndinamwetulira. Ine ndinazolowera kucheza ndi Mulungu m'bandakucha uliwonse monga mwana achezera ndi bambo ake. Ndimamuuza za mbuzi, za mawondo anga, za ana. Tsiku limenelo ndinalibe mawu ambiri. Ndinangoti, "Atate, amalume ndimawaopa. Mukudziwa."

Pa Chitakale tinaima nthawi yaitali kudikira kuti galimoto idzazenso. Ndinagula chinangwa chophika ndi kamchere n'kuchiika m'chikwama. Ndinatsika n'kupita pa okala kukagula lumo latsopano. Sindinganene kuti ndinali nditatsimikiza kale mtima. Ndinangoona kuti ndikafika chimanjamanja, ndidzapeza pothawira.

Titadutsa pa boma, minda ya tiyi inayamba, yobiriwira mpaka m'munsi mwa phiri. Amayi anali m'mizere, madengu kumsana, manja akuthamanga pamwamba pa masamba. A Eneresi anakalambira m'mizere yomweyo. Mayi anga atamwalira, ndi manja othothola tiyi amenewo amene ankandisambitsa ndi kundichotsa matekenya. Ndinakumbuka wakhate uja amene Ambuye anamuchiritsa. Akanatha kungolankhula ali patali, koma anatambasula dzanja namukhudza. Nkhani imeneyi ndaimva kuyambira ndili mwana, koma inandigwira pamenepo, bondo la munthu wina likundibaya kumsana.

Dzuwa litakwera tinafika pa Limbuli. Njinga za chimanga chochokera ku Mozambiki zinali mbwee, ena akutsatsa m'Chilomwe, ena m'Chipwitikizi. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto pa K2,000. Nditatchula mudzi, mnyamatayo anatembenuka.

"Kuja gogo wina wadya mwana kuja? Mayi, mukakhale maso. Akuti ukangomukhudza, dzanja limauma."

Ndikanatha kukhala chete, ulendo n'kutha bwino. Koma ndinamva ngati ndakhala pamoto paja Petro anawotha, tambala asanalire.

"Achimwene, gogo ameneyo ndi mayi anga. Sanadye munthu. Mwana anafa ndi malungo."

Njinga inagwedezeka. Mnyamatayo ananditsitsa pa mlatho, kutali ndi mudzi, ati mafuta achepa. Ndinayenda wapansi m'minda ya nandolo ndikupemphera mokweza, poti kunalibe wondimva koma Mmodzi.

Ndinapeza kumeta kuli mkati. Amayi anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mitu ina ikuwala kale. A Eneresi anali okha kuseri kwa nkhokwe, atakhala padothi, chitenje chili kumutu. Ndinayamba ndalira ndi Falesi. Kenaka ndinagwada pamaso pa amalume n'kuwapatsa moni.

"Wafika bwino, mwana wa mlongo wanga. Khala apo akumete."

"Zikomo amalume. Koma ndiyambe ndameta mayi."



"Mayi ako ati? Mayi ako ali kumanda."

"Amene anandilera, awo ali kuseri kwa nkhokwewo."

"Iwe, mapemphero akuzunguza mutu eti? Ukawakhudza, zako zimenezo. Mawa anthu adzati munadyera limodzi."

"Anene, amalume. Ine sindikulimbana nanu. Koma mawa m'mawa ndikagwada, Mulungu akandifunsa kuti mayi ako ali kuti, ndikayankha chiyani?"

Ndinadzuka, n'kupita kuseri kuja. A Eneresi atandiona anabweza mutu.

"Usatero mwanawe, angakude nawenso. Ine ndakalamba kale."

"Vulani chitenje, mayi."

Ndinalibe madzi, ndipo lumo silidutsa pa tsitsi louma. Ndinayesa pang'ono, gogoyo anatsinzina ndi ululu koma osadandaula. Ndinaimika dzanja, osadziwa chochita, maso a mudzi wonse ali pamsana panga. Ndipo ndinamva mapazi. Anali Falesi, maso otupa, atanyamula beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo. Analiika pansi osayang'ana aliyense.

"Ku chipatala anandiuza kuti ndinachedwa naye," anatero motsitsa. "Ndinkaopa kunena."

Anagwira mutu wa gogoyo ndi manja awiri, ine ndikumeta. Imvi zinagwera padothi, ndipo tonse atatu tinkalira. Amalume anadzuka n'kulowa m'nyumba. Sanapepese, komanso za kusamuka sanazitchulenso. Madzulo a Eneresi anadya ndi amayi anzawo, ngakhale awiri anasuntha mphasa.

Ndinabwerera ku Chonde m'mawa mwake, mutu wanga uli mbee, mphepo ya paphiri ikundilasa. Kale ndinkayesa kuti munthu wa Mulungu amayamba walimba mtima, kenaka n'kudzuka. Ine mantha sanandichoke ngakhale pang'ono. Kungoti Iye amene ndimacheza naye m'mawa uliwonse anali pafupi kuposa amalume, ndipo ndinalephera kumuchitira manyazi pamaso pa anthu.