Mwala wa pansi pa mpando wa Yusufu

Senderani kuno nonse. Inu a kuseri kwa mpanda, tsitsani wailesiyo. Chete, mumve kwa mwini wake, chifukwa muno mu Chikanga ena ayamba kale kufalitsa kuti gogo Asiyatu wapenga, walanda mwana wake galimoto.

Eya, ndinalanda. Ndipo ndidzalandanso.

Mwana wanga Yusufu ali ndi vani yakale imene amanyamulira mabelo a kaunjika a anthu kumalire ku Forbes. Pakhomo pathu mpotsetsereka. Akafika amakoka handibuleki, khrrr, dzanja mpaka m'khwapa, n'kudumpha msanga kukaika mwala kutayala. Mwalawo uli ndi malo akeake pansi pa mpando. Umayenda nawo ulendo uliwonse ngati mlamu.

Tsono Loweruka vaniyo imayenera kutitenga ife amayi khumi kupita kuchinkhoswe cha mwana wa mchimwene wanga ku Penhalonga. Njirayo mukuidziwa: kukwera phiri la Khirisimasi Pasi, kenako kutsika kuja makutu amatsekeka.

Lachitatu m'mawa ndikusesa, ndinaona dothi lanyowa kuseri kwa tayala lakumbuyo. Ndinati ndi galu. Kugwada, kukhudza. Kuterera! Anthuni, galu sakodza mafuta.

"Iwe Yusufu, galimoto yako ikudontha."

"Aaa, Amayi, umakaniko mwayamba liti? Mafuta a mabuleki ndimathira Lolemba lililonse. Ndikapopa katatu imagwira."

"Nanga amene umathirawo amapita kuti? Ikumwa?"

"Musadandaule. Handibulekiyonso ndi waya chabe, ndikunga mawa."

"Wakunga kangati chaka chino?"

Iye n'kungotenga thaulo.

Atalowa kubafa ndinatenga kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri. Anatuluka sopo ali m'khutu. "Amayi, katundu wa anthu akundidikira!" Ine: "Adikire. Mabelo safa."

Ndinapita wapansi kukatenga a Jumbe, makaniko wachikulire wa pafupi ndi mzikiti. Atafika anandikhazika ine pampando wa dalaivala, iwo n'kugona pansi.

"Pondani buleki, mayi! Gwirani pompo, musasiye!"

Ndinaponda. Phazi linangomira ngati ndaponda nthochi yakupsa.

"Basi, ndaona. Tsikani mudzaone nokha."

Anakweza ndi jeke, kuchotsa tayala, kugogoda chitsulo chozungulira chija mpaka chinatuluka. M'katimo bii, chinyezi chokhachokha.

"Onani kasilinda aka, labala lake latha. Mafuta akuthawira apa, mphepo n'kulowa, nchifukwa chake phazi likumira. Mafuta omwewo anyowetsa mashuzi awa, amene amafinya gudumu kuti liime. Handibuleki imakokanso mashuzi omwewa. Yusufu, kunga waya mpaka uduke, chonyowa sichigwira."

Atatsegula mbali inayo, mashuzi ake apyapyala ngati tsamba. Matenda awiri, chilonda chimodzi. Mwana wanga amapaka mankhwala kumutu, bala lili kuphazi.

Koma ndisamunene yekha. Pitani parenki ya maminibasi mukaone. Kombi ikaima, hwindi, kondakitala uja, wadumpha kale ndi njerwa m'manja. Dalaivala potsika phiri phazi likuvina, popu popu popu, ife kumbuyo tikuseka, mwana ali pamsana. Timati misewu ndiyo yoipa. Timati zakale zimayenda choncho. Timati Mulungu alipo. Alipodi, koma kodi anakuuzani kuti ntchito yake ndi kugwira tayala?

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba! Dontho lililonse pabwalo panga inali ng'oma. Ndipo amene amaimva koyamba ndife osesa. Mwamuna amaona galimoto ali pampando, ife timaiona titawerama. Koma timakhala chete, ati si za akazi. Pamaliro pokha ndiye za akazi, eti?

Vani inakhala panjerwa masiku awiri. Yusufu moni amandipatsa nkhope ili kumbali. Makasitomala ake anatengedwa ndi wina, ndipo zinandiwawa, ndisaname. Koma kiyi sanachoke pachitenje. Lachisanu a Jumbe anaika zatsopano mbali zonse, ine ndikupopa, iwo akutulutsa mphepo, mpaka chopondera chinauma gwa. Apo ndiye ndinamasula mfundo.

Inu, galimoto imene mwakwera lero ija, anasuzumira kuseri kwa matayala ake ndani?

Loweruka tinatsika phiri tikuimba. Ine sindimaimba, maso anali paphazi la Yusufu. Kuponda kamodzi kokha, vani n'kumvera.

Ku Penhalonga nyumba ya mchimwene ili pachitunda. Yusufu anaimika, handibuleki kha kha kha kha, kanayi basi. Ine chizolowezi chinandigwira. Ndinatsika woyamba, ndi zovala zanga za chinkhoswe, mwala uja m'manja, ulendo kutayala, akuchimuna onse akuonerera. Ndiye mwana uja anatulutsa mutu pawindo:

"Amayi! Tayani mwalawo, mukutichititsa manyazi! Yagwira yokha!"