Chitenje cha Amake Tisa

Ndikakumbukira Amake Tisa, ndimamva fungo la makala onyowa pambaula ndi la matewera akuwira m'chitini kuseri kwa nyumba za ku Railways, sitima ikulira chapatali, fumbi la mgodi wakale likutera pa zovala zomwe angoyanika kumene. Tinkatunga pampopi umodzi. Anali ndi ana asanu, onse aakazi, ndipo womaliza anatsala pang'ono kuwapha pobadwa. Choncho anapita kuchipatala kukatseketsa kuti asadzaberekenso. Palibe anawakakamiza. Amuna awo, a Phiri, anavomera, bola abale awo a ku Petauke asamve.

Asanawachite opaleshoni, anamwino anawapanikiza ndi mafunso: nanga ana akamwalira, nanga bambo akafuna wamwamuna?

"Monga nili pakhoti, mwandi," ankauza amayi anga akuseka. "Ninangoti, ba sista, nalema."

Cholakwa chawo chinali chimodzi. Kwathu chitenje choberekera mwana sapatsa munthu, amachipinda kudikira wina. Iwo anachipereka kwa amayi anga, amene anali ndi pakati, pampopi pomwepo, azimayi onse akuona. Onse anazindikira kuti sadzaberekanso. Nkhani inafika ku Petauke, ndipo apongozi awo anabwera ndi mtsikana woti azithandiza ntchito zapakhomo. Mvula isanagwe, mtsikanayo anali ndi mimba ya a Phiri.

Amake Tisa anasiya kudya, anasiya kupesa tsitsi, ankangokhala pafupi ndi mbaula yozima. Anabwerera kuchipatala kuti akalankhule ndi munthu.

"Anakweza bulauzi, anayang'ana chilonda, akuti chapola, pitani," anauza amayi. "Amake Esnati, ine sin'napite kukaonetsa chilonda."

Kenako anasamukira ku komboni ya Nakoli, chipinda chimodzi, iwo ndi ana asanu. Nditakumana nawo pamsika sanandizindikire.

Ine Esnati sukulu ndinasiyira giredi teni. Mimba. Mwini wake anathawira ku Lusaka. Posachedwa ndinapita kuchipatala kukapempha kuti anditseke. Mafunso omwe aja, mmodzimmodzi, kenako: "Ukali mwana iwe, uzafuna wina." Ndinalibe mphamvu yokangana. Ndinamanga mwana wanga kumsana ndi chitenje chija, chomwe maluwa ake anafufutika kale, n'kutuluka.

Chitenjecho sindidzapatsa munthu. Sikuti ndikudikira wina. Ndinaona zomwe amamuchita mkazi akanena kuti watopa.