Chimanga cha m'Nyumba ya Amake Mutinta

Ntchito yanga yoyamba inabwera ndi nsomba. Makolo anga atamwalira ndinakulira kwa ambuya, agogo anga aakazi, ku Nangongwe m'tauni ya Kafue, ndipo iwo ankagulitsa nsomba zouma zimene ankakapikula ku Chanyanya. Ankazikulunga m'mapepala a matumba a simenti, omwe ine ndinkajambulapo ndi makala, poti kulankhula sikunali kwanga. Tsiku lina Ba Sakala, amene ankaumba mabuloko pafupi ndi msewu wa ku Lusaka, anamasula nsomba zawo napeza chithunzi cha mmisiri akumanga khoma atadzitsekera mkati. Anabwerera ku msika.

"Ambuya, wamene anajambula ichi ni ndani? Nimufuna mailo."

Mawa lake ndinayamba ntchito kwa Ba Sakala. Inali nthawi imene boma linkagulitsa makampani ake, ndipo mafakitale a ku Kafue ankachotsa anthu ntchito. Aliyense anayamba kugulitsa kanthu. Oumba mabuloko anachuluka, choncho Ba Sakala anafuna kuti khoma lawo loyang'ana kumsewu liziimitsa anthu.

Mwezi uliwonse ndinkapala khomalo, kulipaka njereza ndi kulisiya liume. Kenako ndinkaviika chingwe mu ufa wofiira wa okisaidi, kuchikoka mpaka chitalimba, ndi kuchimenyetsa pakhoma kuti chisiye mzere. Ndi levulo, chida choyezera kuwongoka, ndinkagawa khoma m'mabokosi anayi. Ndinkayamba ndi makala, kutsatiza penti yakuda ya mafuta ndi burashi yaing'ono, mitundu pambuyo, mawu pomalizira. Munthu wa m'zojambula zanga anali Ba Pendapenda, mmisiri wa chipewa chachikulu amene masitepe ake ankathera m'mitambo, ndipo zitseko zake zinkatsegukira pakhoma. Ndikakhala pamakwerero, phokoso la maminibasi linkatalikira, mapiri a kutsidya ankaoneka ngati akuyandama m'fumbi la simenti, ndipo ndinkaiwala ngakhale nshima ya masana.

Zojambula ndinkazitola m'njira. Ku Nangongwe kunali nyumba zambiri zoimira pamawindo, eni ake atachotsedwa ntchito denga lisanakwere. Imodzi ndinkaikonda. Mkati mwake munadzalidwa chimanga, ngayaye zikusuzumira pamawindo ngati alendo, ndipo pakhomo anatsekapo ndi chitseko chabuluu cha galimoto yakale. Ndinaijambula momwe inalili, Ba Pendapenda akukolola pabalaza nkumati, "Nyumba yanga ilibe denga, koma imadyetsa." Anthu anaseka kwambiri. Makondakitala ankaimitsa minibasi kuti okwera aone.

Patapita masiku, kunabwera mayi wina wowonda, atamanga chitenje chofwifwa. Ndinkamudziwa nkhope: amake Mutinta, amene ankagula mabuloko pang'onopang'ono nkuwanyamula pawilibala. Sanakweze mawu.

"Ba Sakala, iyo ni nyumba yanga. Bana banga ku sukulu babaitana ati ba m'munda."

Ba Sakala anayang'ana khoma, anayang'ana chitseko chabuluu chija, kenako ine.

"Lameki, theka la makasitoma banga nyumba zawo zili so. Ukonze dzuwa lisanalowe. Ngati bamayi aba sibakondwela, mailo usabwele."

Pofulumira ndinangopaka njereza osapala, koma penti ya mafuta siimvera njereza. Itayamba kuuma, chimanga chija chinatulukanso, mbuu, ngati chili m'nkhungu. Ndinatenga burashi ya waya ndi parafini, ndinapala mpaka zala zinatuluka matuza. Amake Mutinta sanachoke. Anakhala pabuloko, manja pamaondo. Khoma litayera, ndinaima ndi khala m'manja, mutu wopanda kanthu. Kwa ambuya, ntchito iyi ndi imene inkatigulira ufa nsomba zikasowa.

Mpaka lero sindidziwa kumene ndinatenga mawu.

"Amayi, nyumba yanu ikazasila izaoneka bwanji?"

Anayamba kulankhula osandiyang'ana. Malata obiriwira. Khonde lalitali loyang'ana kumtsinje, pamene amuna awo ankati adzakhala akadzabwerako ku Lusaka kofuna ntchito. Windo lalikulu kukhitchini. Masitepe ofiira opaka polishi wa kobira. Iwo ankanena, ine ndinkajambula, ndipo nyumbayo inakwera pakhoma mofulumira kuposa nyumba iliyonse ya mu Kafue. Oumba mabuloko anasiya zikombole zawo nkubwera kudzaonerera.

Nthabwala inkafunikabe, poti ndiyo ntchito imene ndinalembedwera. Ndinaika Ba Pendapenda pamwamba pa denga, atakhoma lata lomaliza pamodzi ndi buluku lake, pansi mbuzi ikukoka makwerero kupita nawo.

Amake Mutinta anaimirira, anayandikira, nayang'anitsitsa. Phewa lawo linagwedezeka pang'ono ndi kuseka kwa mkati.

"Windo ya ku khitchini wachepesa, mwana wanga. Ikulise."

Ndinalikulitsa. Iwo anagwedeza mutu, natenga wilibala yawo. Ba Sakala anangoti, "Suka maburashi, yangaume. Mailo ubwele m'mawa."

Ndajambula makoma ambiri kuchokera pamenepo, a mahadiweya, a masitolo, ngakhale zithunzi za m'mapepala. Ndimaseka mmisiri, levulo yake yabodza, simenti yake yochepa, makwerero ake. Koma ndikaona nyumba yoimira pamawindo, ndimabweza khala m'thumba. Mwini wake amaiona ili ndi denga kale, ndipo ngati ndiijambula, ndiyenera kuyamba ndamufunsa mtundu wa malata.