Ulusi wa pa Chikope

Amuna anga ndi telala, zaka makumi atatu pa makina omwewo, pakhonde la sitolo ya mlamu wawo. Munthu wotere ulusi amakhala nawo paliponse: m'tsitsi, pakolala, ngakhale m'kapu ya tiyi. Ndiye nditaona kaulusi koyera kakulendewera pa chikope chawo, ndinangoti, "Taimani," n'kukoka. Anakuwa ngati ndawaponda chala.

Sunali ulusi. Panali kachotupa kochepa ngati mutu wa phini, pakati pake patamera titsitsi toyera tofewa. Iwo anakakamira kuti ndi ulusi basi, unalowa pakhungu. Ankadula ndi kasizasi kawo, sabata ikatha tamera, n'kudulanso. Telala akaona ulusi wotsalira sangausiye, matenda awo enieni ndi amenewo. Diso linafiira, misozi osaleka, mpaka ulusi unayamba kukana kulowa pa singano.

Tsiku lina ndinawapeza atasiya kusoka, diresi la eni lili pamiyendo.

"Mayi a ana, kodi ntchito yanga yathera pomwepa?"

Ndinachita mantha, sindinama. Mawa lake ndinawakokera kuchipatala.

Adokotala anayang'ana, n'kuitana anzawo awiri kuti nawonso adzaone. Anati n'zosowa kwambiri, mizu ya tsitsi inamera mosokonekera, yambiri padzenje limodzi. Dzina lake anatchula kawiri, tonse sitinaligwire.

"Ndi khansa?" ndinafunsa.

"Sizikuoneka choncho, koma tiyeza."

"Nanga chayambitsa n'chiyani?"

"Palibe chomwe analakwitsa, mayi. Zimangochitika."

Matenda opanda chifukwa? Mpaka lero sindimvetsa.

"Ndiye mwati si ulusi?" anafunsa amuna anga, kachitatu tsopano.

"Si ulusi, bambo. Koma mukamadula, zotsalazo zimasongoka n'kumabaya diso. Chikukulizani ndi sizasi yanu."

Anakachotsa kachotupako n'kusoka. Zoyeza zinati si khansa, koma ine mtima sunakhale pansi, singano inali isanayankhe.

Atachotsa bandeji, bambowo anadziyang'ana nthawi yaitali pagalasi la makasitomala.

"Msoko uwu ndi wokhota," anatero. "Anaphunzira kuti?"

Kenako anatenga singano, kunyowetsa ulusi ndi malovu. Koyamba anaphonya. Kachiwiri anaphonyanso, ine n'kuyang'ana kumbali. Nditacheuka, ulusi unali ukulendewera mbali zonse ziwiri za singano.

Sanasekerere. Anatsegula kabati, kutulutsa kasizasi kaja n'kundiika m'manja.

"Sungani inuyo. Ine ndimadzidziwa."