Msoko wa Madiresi a Halimatu

Che Alidi akhala akusoka pakhonde la sitolo ya a Nooruddin ku Limbe kuyambira nthawi ya referendamu ija. Luso lawo ndi lapakatikati, tisanamizane, koma pakamwa ndi pamene pamawadyetsa. Mayi akabwera kudzayezetsa, iwo amazunguliza tepi m'chiuno n'kuimba mluzu: "Mwanenepatu, mayi. Bambo akukusungani bwino." Mayiyo amachoka akumwetulira, ngakhale diresi lidzatuluke mkono umodzi wautali.

Ndiye taganizani, munthu wodyera kuyamikira matupi a eni, mwana wake yemwe n'kuyamba kudana ndi thupi lake. Halimatu, mwana wawo, ndi munthu wamkulu, amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Pa ukwati wina azakhali ake anamugwira mkono pamaso pa anthu, namuyamikira kuti wanenepa ngati mkazi wa bwana. Ramadhani itatha chaka chimenecho, anthu onse anamasula, iye anapitiriza kusala yekha. Ankaima pagalasi n'kumatsina khungu la pamimba, nthiti zili poyera, n'kumati ndi mafuta.

Kwawo ku Chilobwe madokotala sasowa. Wogulitsa makala anati ndi matenda aja. Amayi a pampopi anati walodzedwa ndi mnzake wa ku ofesi. Onse anagwirizana pa mankhwala: auzidwe kuti mkazi ndi thupi. Che Alidi anamuuza, anakalipa, anagula nkhuku ndi mpunga wonunkhira. Amene ananenepa pakhomopo ndi mphaka.

Tsiku limene Halimatu anakomoka mu minibasi, dokotala anawauza kuti matendawo ali m'maganizo, amapha, ndipo mawu akuti "wanenepa" asadzamvekenso pakhomo. Che Alidi anachita mantha amene sanawachitepo. Anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti asamuyamikire mwana wawo. Anthu anati telala wazungulira mutu, bambo wanji woletsa anthu kunena zabwino?

Pang'ono ndi pang'ono Halimatu anayamba kudya, lero nthochi, mawa kaphala. Koma diresi likangoyamba kumugwira m'chiuno, mbale ankaikankhira kutali. Apa ndi pomwe utelala unathandiza. Telala aliyense amasiya nsalu pang'ono mkati mwa msoko, kuti mwini chovala akanenepa chikulitsidwe, ndipo madiresi a Halimatu anasoka ndi bambo ake. Ndiye m'mawa ankatenga limodzi, kulibisa m'jumbo, kukalikulitsa pakhonde paja, n'kulibweza mwana asanaweruke. Makasitomala ankadandaula kuti zawo zikuchedwa, osadziwa kuti mkulu wa ndevu zoyerayo watanganidwa ndi kuba madiresi a m'nyumba mwake.

Koma nsalu ya mkati nayo imatha. Loweruka lina diresi lobiriwira, limene Halimatu ankalikonda kwambiri, linafika poti palibenso pomasula. Che Alidi anangokhala nalo pamiyendo, tepi ili m'khosi, mtima ukuwawa. Akalivala likamugwira, ndiye kuti abwerera kumene anachokera. Atadzutsa mutu anaona mwini wake ataima pamasopo, atanyamula nsalu yatsopano.

"Ababa, diresi langa likutani kuno?"

Anayamba kufotokoza za batani lothothoka.

"Ndinadziwa kalekale," anatero Halimatu. "Diresi lobiriwira, inu mkati mwake mumasokamo ulusi wofiira."

Anaika nsaluyo pamakina. "Mundisokere la Idi. Koma tepiyo isandiyandikire, sindikufuna kumva nambala."

Che Alidi anavula tepi n'kuiponya m'jumbo muja. Anamuyang'ana mwana wawo, masaya atayamba kubwerera, ndipo mawu awo aja a masiku onse anafika pakhosi. Anawameza, anawawa ngati munga wa nsomba.

"Nanga ndisoka bwanji, mwanangu?"

"Muyeze ndi maso," anayankha Halimatu akuyang'ana kumsewu. "Ndipo mkatimo musiyemo nsalu yambiri."