Aphunzitsi Elifasi ndi Mafumu Opanda Amalume

A Elifasi anali mkamwini ku Kabudula, ndiponso mphunzitsi pa sukulu ya mpingo ya m'mudzimo. Anali munthu wowonda, wa jekete limodzi lokha, koma pakamwa pokha Mulungu sanawamane. Chuma chawo chonse chinali buku lothothoka chikuto la nthano za Agiriki akale: ngwazi zolimbana ndi zilombo, alosi akhungu oona zam'tsogolo, ndi mafumu osiyira ana awo ufumu.

Loweruka lililonse masana ankamasulira bukuli pansi pa mkuyu, ndipo ngakhale akuluakulu ankasiya kusoka fodya n'kubwera. Mlamu wawo, a Januario, mwini mbumba, sankasowa. Iwowa ndiwo ankadula nkhani pakamwa. "Kodi mfumuyo ikupatsa mwana wake mpando, amalume ake a mwanayo ali kuti?"

"Kumeneko amalume alibe mawu, alamu."

"N'chifukwa chake akungophana, eti!"

Anthu ankafa nacho chiseko, a Elifasi nawonso n'kuseka. Koma mumtima ankawasirira mafumu aja pa chinthu chimodzi: mwana anali wa bambo wake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rute, anamuphunzitsa kutchula makolo a kuchimuna monga ankachitira Agiriki, ngati masewera chabe.

M'chaka cha 1956 akazi awo, a Sabina, anamwalira nthawi yokolola mtedza. Mwambo unali wodziwika. Akameta maliro, mkamwini amasudzulidwa, n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mbumba. Kwawo kwa a Elifasi kunali ku Nambuma, ndipo Rute anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mantha anawagwira kwambiri, koma sanakangane ndi munthu. Anapitiriza kuphunzitsa, ndi Loweruka lomwe sanalumphe.

Tsiku losudzula a Januario anayankhula bwino, kuthokoza a Elifasi chifukwa chosunga mlongo wawo. Kenako, pofuna kuti onse amve kumene mwana akutsala, anaitana Rute. "Tanena, mwanawe, ndiwe wa yani?"

Ankayembekeza dzina la mayi ndi la agogo aakazi. Rute anaima chilili, manja kumbuyo ngati ali m'kalasi. "Ndine Rute, mwana wa a Elifasi, mwana wa a Mose, mwana wa a Lazaro osula makasu."

A Elifasi anawerama, misozi ikugwera pajekete.

A Januario anakanda mutu kwa nthawi yaitali. "Mwatiberekera Mgiriki pano, alamu. Mwanayu ndi wathu, zimenezo sizisintha." Anatsokomola. "Koma mlosi wakhungu uja munamusiya ali pakhomo pa mfumu, asananene kanthu. Mukapita ku Nambuma, atimalizira ndani? Masulani katundu mwamangayo."

A Elifasi anaphunzitsa ku Kabudula mpaka imvi. Bukulo linali la masamba ochepa, koma kufikira Rute atakwatiwa, silinathe.