Mapulagi a pikapu ndasintha ndekha

Asalamu alaikum nonse.

M'mawa uno ku Nkope pikapu inayamba kunjenjemera, utaka titapakira kale, ayezi akusungunuka. Makaniko anati afika masana. Ine sindinadikire, mapulagi atsopano ndinali nawo.

Nditatsegula boneti ndinapeza kuti mawaya aja tinazolowera pa galimoto ya malemu bambo palibe. Pulagi iliyonse ili m'dzenje lakuya, chala sichifika. Nditachotsa mapulagi akale, ndinadula kapaipi ka petulo ka injini ya boti, n'kulowetsamo mutu wa pulagi yatsopano, n'kumazunguliza pang'onopang'ono mpaka itakhala. Kenako ndinamangitsa ndi sipanala.

Kuliza kamodzi, injini inalira bwinobwino. Utaka wafika ku Mangochi usanafewe.

Koma achimwene Saidi, eni boti, akufunsa amene wadula paipi yawo. Amalume, ndiwauze ndekha, kapena muyambe mwawapatsa tiyi?